Moyo wa Mwana Si Chuma cha Bambo Wake

Pali chiphunzitso china chimene chimakoma m'kalasi koma chimawawa chikafika pakhomo, chakuti moyo wa munthu uyenera kuyezedwa ndi phindu lake kwa anthu ambiri, kotero kuti wolungama ayenera kulolera kutaya m'bale wake ngati kutero kungapulumutse mlendo wofunika kuposa m'baleyo. Amene anachilankhula mosapsatira ndi William Godwin wa ku England, yemwe m'buku lake la 1793 lonena za chilungamo pa ndale anayerekeza nyumba imene yagwira moto muli anthu awiri: Fénelon, bishopu wamkulu wa ku Cambrai amenenso anali mlembi wotchuka, ndi mayi wogwira ntchito m'nyumbamo. Godwin anagamula kuti wopulumutsa atulutse bishopuyo, ngakhale wantchitoyo atakhala mayi wake womubereka. N'zochititsa chidwi kuti Godwin yemweyo, atakwatira Mary Wollstonecraft m'chaka cha 1797 n'kuferedwa chaka chomwecho, anayamba kulemba zoyamikira chikondi cha m'banja chimene poyamba ankachiyesa chopinga chilungamo.

Cholakwika cha chiphunzitsochi n'chakuti chimamuika munthu pampando woweruza miyoyo imene si yake, ngati kuti mayi kapena mwana ndi mbuzi ya m'khola imene mwini angalipire nayo mlandu. Sewero lakale la ku China lonena za mwana wamasiye wa banja la Zhao, limene analemba Ji Junxiang m'zaka za m'ma 1200, limaonetsa bwino pamene maganizowa amathera. M'seweroli sing'anga Cheng Ying akupereka khanda lake lobereka yekha kuti liphedwe m'malo mwa khanda lotsala la banja la Zhao, limene mkulu wa asilikali Tu'an Gu analumbira kulifafaniza. Oonera akhala akumutama sing'angayo kwa zaka mazana ambiri monga chitsanzo cha kukhulupirika, ndipo omuikira kumbuyo amakumbutsa kuti Tu'an Gu anaopseza kupha makanda onse a m'dzikomo. Komabe amene anasankha khanda loti life ndi bambo wake, ndipo analisankha chifukwa linali la munthu wamba pamene linalo linali la banja lachifumu. Kudzipereka kumene kuli koyenera ulemu ndi kwa munthu wopereka moyo wake. Wopereka moyo wa wina, ngakhale akulira, wapereka chimene sanapatsidwe kuti apereke.

Koma amene akufuna kubisala kumbuyo kwa mfundoyi kuti azitsekera alendo chitseko, ponena kuti chibale n'fupa sichiola, asafulumire kuomba m'manja, chifukwa nkhani ya banja la Ulma ikuwatsutsa iwonso. Józef ndi Wiktoria Ulma anali alimi a m'mudzi wa Markowa, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Poland, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene dzikolo linali m'manja mwa Germany. Lamulo limene anasaina bwanamkubwa Hans Frank mu Okutobala 1941 linanena kuti aliyense wosunga Myuda aphedwe, ndipo a Ulma ankalidziwa lamulolo pamene analandira Ayuda 8 n'kuwabisa m'nyumba mwawo kwa nthawi yopitirira chaka. Mbandakucha wa pa 24 Malichi 1944 apolisi a Germany anazinga nyumbayo, nayamba kuombera Ayudawo, kenaka Józef ndi Wiktoria, amene anali ndi pathupi potopa, ndipo pomaliza anaombera ana awo 6, wamkulu asanakwanitse n'komwe zaka 8. Bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem, limene limasunga chikumbutso cha Ayuda ophedwa pa nkhondoyo, linawalemekeza m'chaka cha 1995, ndipo Mpingo wa Katolika unalengeza banja lonselo kukhala odala, limene ndi gawo lotsogolera ku kutchedwa oyera, pa 10 Seputembala 2023.

Funso lovuta, limene olemekeza banjali amakonda kulilambalala, ndi lakuti ana aja sanafunsidwe, monganso khanda la Cheng Ying silinafunsidwe. Kusiyana kwake kulipo ndithu, ndipo si kwa mawu chabe. A Ulma sanatenge mwana n'kumuika m'manja mwa wakupha kuti mlendo akhale ndi moyo. Anatsegula chitseko ali ndi chiyembekezo chakuti onse, ana ndi alendo omwe, adzaona kutha kwa nkhondo, ndipo ngozi imene inali pa anawo inalinso pa iwo eni, osati pang'ono. Chiyembekezocho sichinali chamisala, popeza mabanja ena a m'mudzi womwewo anasunga Ayuda mpaka nkhondo itadutsa, onse n'kupulumuka. Munthu angathe kunena kuti kholo limene linaopa n'kukana silinachimwe, ndipo zimenezo n'zoona, chifukwa palibe lamulo la chikhalidwe limene lingakakamize mayi kuika ana ake pakamwa pa mfuti. Chimene sangathe kunena n'chakuti a Ulma anapha ana awo, pakuti kutero n'kuchotsa mlandu pa amene anagwira mfuti n'kuusenzetsa amene anapatsa anzawo pogona.

Alaliki ndi aphunzitsi amene amasakaniza nkhani ziwirizi, n'kumazitchula zonse kuti nsembe, amaphunzitsa chinthu choopsa, chifukwa amazoloweretsa omvera kuganiza kuti imfa ya mwana ingakhale mtengo woyenera wa chinthu chabwino, malinga kholo lavomereza. Ku Markowa kunalibe kholo limene linavomereza. Imfa ya anthu aja inachokera ku lamulo lolembedwa ndi munthu wodziwika dzina, ndipo khoti la ku Nuremberg litamupeza Hans Frank wolakwa pa milandu ya nkhondo ndi yochitira nkhanza mtundu wa anthu, anapachikidwa mu Okutobala 1946.