Mapiritsi a khansa a ku Joni: tifunse kaye tisanagulitse ng'ombe

Sabata ziwiri zapitazo msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anaponya uthenga pa gulu la WhatsApp la banja lathu. Inali nkhani ya mankhwala atsopano a khansa, akumwa, amene akuti amapha chotupa ndi njala potseka mitsempha yochipatsa magazi. Pansi pake analemba kuti: "Tisonkhe, ndiwapeza konkuno, ndipatsira a transipota Lachisanu." Ofuna kuwagulirawo ndi amalume athu, asibweni monga timanenera kwathu, amene amakhala kumudzi kupitirira Luwerezi. Mwendo wawo watupa kwa miyezi ingapo ndipo watuluka zigamba zakuda zolimba. Ola lisanathe, wina anali atatchula kale ng'ombe yoti igulitsidwe.

Ine ndinakana. Ndinalemba kuti, "Asuweni, dikirani kaye. Dzina la mankhwalawo ndi chiyani, ndipo ndi dokotala uti wanena kuti ndi a matenda a asibweni?" Yankho silinabwere, ndipo ndamva kuti kumbali ena anditchula woumira. Ndalemba pano chifukwa nkhaniyi si ya banja lathu lokha. Ku Mzimba pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, ndipo magalimoto obweretsa mabulangete, masofa ndi njinga amabweretsanso mankhwala.

Ndiyambe ndi kumuikira kumbuyo msuweni wangayo: mankhwala oterewa alipodi, si nthano. Nzeru yake ndi yakale ndithu. Mu 1971 dokotala wa maopaleshoni wa ku Boston, Judah Folkman, analemba kuti chotupa cha khansa sichingakule kupitirira milimita imodzi kapena ziwiri, kukula kwa kanjere ka mawere, chikapanda kudzikokera mitsempha yakeyake ya magazi. Chotupa chimatulutsa timadzi toitana mitsempha yapafupi kuti iphukire nthambi kwa icho. Chachikulu mwa timadziti ndi VEGF, chimene Napoleone Ferrara ndi anzake anachizindikira mu 1989. Taganizani za Jenda. Chimene chinakulitsa malo aja ndi msewu wa M1. Mutatseka msewuwo ndi timisewu tonse tolowa pamsikapo, tomato ndi kachewere sizingafike ndipo msika ungafote. Mankhwalawa amayesa kuchita zomwezo kwa chotupa.

Koma aliyense wokhala kufupi ndi malire a Zambia akudziwa chimene chimachitika msewu ukatsekedwa. Katundu amayamba kudutsa njira za m'tchire. Khansa nayo imatero. Mukatseka VEGF, pakapita miyezi chotupa chimapeza timadzi tina toitanira mitsempha, kapena chimangokakamira pa mitsempha imene inalipo kale. N'chifukwa chake mbiri ya mankhwalawa ili ndi chiyembekezo chachikulu koma zokolola zochepa. Mu 1998 nyuzipepala ya New York Times inaika patsamba loyamba nkhani ya mankhwala awiri a mu labotale ya Folkman amene anasungunula zotupa mu mbewa. Odwala anajijirika kuimba mafoni. Folkman mwiniyo anachenjeza kuti zimene zatheka pa mbewa zinali zisanaonekebe pa munthu, ndipo atayesedwa pa anthu sanachite zodabwitsazo.

Amene anafika m'zipatala anabwera pambuyo pake. Bevacizumab, wodzera m'dilipi, anavomerezedwa ku America mu 2004. Akumwa anatsatira: sorafenib mu 2005, sunitinib mu 2006, pazopanib mu 2009, lenvatinib mu 2015, ndipo fruquintinib mu 2023. Ena akadali pa kafukufuku mpaka lero. Tsopano imvani manambala, chifukwa apa ndi pamene mauthenga a pa WhatsApp amadumpha. Pa kafukufuku wamkulu wa sorafenib pa khansa ya chiwindi, theka la amene anamwa mankhwalawa linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 10.7, pamene kwa amene anamwa piritsi lopanda mankhwala inali miyezi 7.9. Fruquintinib pa khansa ya m'matumbo yofalikira: miyezi 7.4 poyerekeza ndi 4.8. Bevacizumab pa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutha amayi athu kuposa ina iliyonse, anawonjezera miyezi yosakwana inayi pamwamba pa mankhwala ena a m'dilipi. Pa khansa ya m'mawere, bungwe la FDA linachita kulanda chilolezo chake mu 2011 litaona kuti sakutalikitsa moyo.

Sindikunyoza miyezi itatu. Munthu akhoza kukolola chimanga chake, kuona mwana akulemba Fomu 4, kulongosola za munda ndi ziweto ana asanayambe kukangana. Koma banja logulitsa ng'ombe liyenera kudziwa kuti likugula miyezi. Ambiri amaganiza kuti akugula kuchira, ndipo wogulitsa sawauza.

Pali khansa imodzi imene nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife Amalawi, ndiyo Kaposi, yomwenso a chipatala akuiganizira pa mwendo wa asibweni. Ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa abambo m'dziko muno. Imayamba ndi kachilombo ka HHV-8 ndipo imalusa chitetezo cha m'thupi chikatsika, makamaka chifukwa cha HIV, ngakhale imagwiranso anthu opanda HIV. Chotupa chake chimapangidwa ndi timaselo ta m'mitsempha momwemo, n'chifukwa chake chimaoneka chofiirira kapena chakuda. Ndiye mankhwala olimbana ndi mitsempha akumveka ngati anapangidwira matenda amenewa.

Ndipo alipo. Dzina lake ndi pomalidomide, kapisozi womwa kamodzi patsiku kwa masiku 21, n'kupuma masiku 7. Amaletsa kuphuka kwa mitsempha komanso amadzutsa chitetezo cha m'thupi. FDA inawavomereza pa Kaposi mu May 2020. Umboni wake unachokera pa odwala 28 okha a ku America: mwa 18 amene anali ndi HIV, 12 zotupa zawo zinachepa kapena kutha, ndipo mwa 10 opanda HIV anathandizika 8. Zotsatira zabwino, koma anthu 28 sadzaza ngakhale basi ya Mzimba kupita ku Mzuzu. Komanso odwala athu amafika kuchipatala matenda atakula, ena ali ndi TB, ena magazi ochepa, ena osadya mokwanira. N'chifukwa chake gulu la AIDS Malignancy Consortium linayamba kuwayesanso m'maiko a kuno ku Africa. Kwa wodwala wa kwathu, mankhwalawa akadali pa mayeso.

Wina anganene kuti bola piritsi, chifukwa dilipi ili kutali. Ndikumumvetsa. Kuchoka pa boma la Mzimba kupita ku Mzuzu Central Hospital kudzera ku Chikangawa ndi makilomita opitirira 100, kuchoka pa Jenda kupita ku Lilongwe opitirira 200, ndipo wa ku Khosolo amayamba walipira kabaza kuti angofika pa tala. Ulendowo umabwerezedwa milungu itatu iliyonse, wodwala ndi womudikirira. Ambiri amalekera panjira. Koma funso lomweli linayesedwa kale, ndipo Amalawi a ku Lilongwe ndi Blantyre anatenga nawo mbali. Kafukufuku wotchedwa A5263, wofalitsidwa mu The Lancet mu 2020, anayerekeza njira zitatu zothandizira Kaposi yokula pa anthu omwa ma ARV. Imodzi inali mapiritsi a etoposide, amene anakopa ambiri chifukwa munthu amamwera kunyumba. Patatha milungu 48, mwa olandira paclitaxel m'dilipi theka matenda anali asanapitirire, koma mwa omwa mapiritsi anali mmodzi yekha pa asanu alionse, moti mbali ya mapiritsiyo inaimitsidwa nthawi isanakwane. Etoposide si wa gulu lotseka mitsempha, ndivomereze. Koma kafukufukuyu anasonyeza kuti mankhwala osavuta kumwa akhoza kukhala ofooka, ndipo zimenezi sizikanadziwika pakanapanda kuyesa pa odwala athu enieni.

Tsono tinene kuti paketi ya ku Joni ija yafika bwinobwino pa Luwerezi. Chotsatira n'chiyani?

Ngati ndi a gulu la sorafenib ndi sunitinib, amakweza BP, nthawi zina m'milungu yoyambirira yomwe. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa 2009 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi ali kale ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Mankhwalawa amatupitsa ndi kusenda zikhatho ndi mapazi, zimene kwa mlimi wogwira khasu si nkhani yaing'ono. Amatsegula m'mimba, amachedwetsa kupola kwa zilonda, ena amataya nawo magazi. Akakumana ndi rifampicin wa TB mphamvu yawo imatsika, ndipo ma ARV ena okhala ndi ritonavir amaikweza. Pa khansa ya chiwindi, anayesedwa makamaka pa anthu amene chiwindi chawo chinali chikugwirabe ntchito bwino, osati amene mimba yadzaza kale madzi monga ambiri amafikira kwathu kuno.

Ngati ndi pomalidomide, mantha anga ndi ena. Mankhwalawa ndi mbale wake wa thalidomide, uja anapatsidwa kwa amayi apakati kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 n'kubadwitsa ana opitirira 10,000 opanda manja kapena miyendo yokwanira asanaletsedwe mu 1961. Zinadzadziwika mu 1994, mu labotale ya Folkman yomweyo, kuti thalidomide amaletsa kuphuka kwa mitsempha. Mwana amene ali m'mimba amadalira kuphuka komweko kuti ziwalo zake ziumbike. Kumaiko kumene pomalidomide amaperekedwa, mayi amayezedwa mimba asanayambe ndiponso pafupipafupi, amalera ndi njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo bambo womwa amauzidwa kugwiritsa ntchito kondomu. Amachepetsanso asilikali a m'magazi ndipo amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha, ndiye pamafunika kuyezetsa magazi kawirikawiri. Ife timasunga mankhwala pawindo, ndipo timagawana. "Awa ndi amphamvu, a ku Joni, tamwaniko awiri." Tonse tinamvapo mawu otere, mwina tinawanenapo. Mtengwa wapakati atamva mutu n'kutenga kapisozi mmodzi wa apongozi ake, ndani adzayankhe?

Ndipo zonsezi ndikunena ngati m'paketimo muli mankhwala enieni. Mu 2012 ku America komweko kunapezeka Avastin wachinyengo, wopanda mankhwala m'kati, atafika m'zipatala za madokotala a khansa. Paketi yodutsa m'manja mwa anthu anayi, pansi pa mabulangete, popanda bungwe la PMRA kuiona, ndingaikhulupirire bwanji?

Za mtengo ndinene pang'ono. Nthawi imene Bayer inkagulitsa sorafenib ku India pa ma rupee pafupifupi 280,000 pamwezi, boma la India mu 2012 linalola kampani ya Natco kupanga omwewo pa ma rupee 8,800. Mtengo wa mankhwala a khansa si mwala. Umatsika boma likalimba mtima kapena maiko akagula pamodzi. Imeneyi ndi ntchito ya unduna ndi Central Medical Stores Trust, osati ya mnyamata wogwira ntchito m'dimba la mzungu ku Randburg amene akudzimana chakudya kuti amalume ake achire.

Chimene ndikufuna kwa aphungu athu a kummwera kwa Mzimba ndi khonsolo ya M'mbelwa si kulonjeza mapiritsi atsopano pamsonkhano. Afunse zinthu zotopetsa kumva. Kodi munthu wa zigamba zakuda akafika pa Mzimba boma, ku Embangweni kapena ku Katete, angadulidwe kanyama kokayeza tsiku lomwelo, ndipo zotsatira zimabwera pakatha milungu ingati? Kodi paclitaxel, amene umboni wake tinathandiza nawo kupeza, akupezeka mwezi ndi mwezi kufupi ndi wodwala wa kumpoto? Kaposi yoyamba kumene nthawi zambiri imabwerera ndi ma ARV okha, ndiye kodi oyeza m'makiliniki a ART akuyang'ana miyendo ndi m'kamwa? Labotale yoyeza tinyama ya pa Kamuzu Central Hospital inatsegulidwa mu 2011, ndipo National Cancer Centre ili pomwepo; funso ndi loti wa ku Emfeni amafikako matenda ali pati.

Ndikufunanso kuti kafukufuku akwere mtunda. Wambiri wa khansa m'dziko muno amachitikira ku Lilongwe ndi Blantyre. Ngati phindu la piritsi ndi loti munthu wakutali amwere kwawo, ndiye liyesedwenso kutali komweko, kumene makina a BP amatha mabatire ndipo mvula ikagwa msewu umaduka. Zikalata zovomerezera zilembedwe m'Chitumbuka, mafumu afotokozeredwe chifukwa chake magazi akutengedwa mphekesera za anamapopa zisanadzuke, ndipo komiti ya NHSRC yovomereza kafukufuku ifunse mwamphamvu kuti mankhwala akapezeka othandiza, odwala athu adzawapeza pa mtengo wanji kafukufuku akatha.

Asibweni tinawatengera kuchipatala Lolemba lapitali. Anawadula kanyama pamwendo, anawayeza magazi, ndipo BP yawo, imene anali asanayezetsepo chibadwire, inapezeka yokwera ndithu. Tikudikira zotsatira. Msuweni wanga wa ku Joni watumiza ndalama ya thiransipoti ya maulendo awiri oyamba, koma dzina la mapiritsi aja sananditumizirebe. Pokwera kabaza kubwerera kumudzi asibweni anandikoka dzanja n'kunena kuti, "Mphwanga, ng'ombe ija muisiye kaye, ndi yolimira."