OLA LA MPHUNZITSI WA NYIMBO NDILO MUNDA WACE

M'matauni a Cigawo ca Kum'mawa monga Chipata, Katete ndi Petauke, ndiponso m'midzi yozungulira, muli anthu amene aphunzitsa ana kuliza gitala ndi kiyibodi, ndi kuwerenga manotsi a nyimbo za kwaya. Ena anatenga luso limeneli ku Evelyn Hone College mu Lusaka, ena anakula nalo mu mpingo. Anthu awa sali pa malipiro a Boma ai. Cakudya ca banja lao cicokera pa ola limene mwana wakhala pansi ndi kuphunzira.

Cimene cibweretsa mkangano kawiri-kawiri pakati pa aphunzitsi otere ndi makolo ndico tsiku lolumphidwa. Mwana akalephera kufika, kholo liganiza kuti palibe cifukwa colipira popeza palibe cimene waphunzira. Koma mphunzitsi analisunga ola lija, anakana mwana wina amene analifuna, kapena anapalasa njinga mtunda wautali ndi gitala kumsana napeza pakhomo pali zii. Tiyerekeze mphunzitsi wa ana 10, aliyense aphunzira kamodzi pa sabata ndi kulipira K50. Pa mwezi ayembekeza K2,000. Mwana aliyense akalumpha tsiku limodzi lokha, K500 yapita, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anai a malipiro ace.

Zambiri zolepheretsa maphunziro kumudzi zidziwika kale nyengo yace isanafike. Mvula iyamba mu Novembala ndi kugwa kufikira Malici kapena Epulo, ndipo mitsinje ikadzala njira ziduka. Mu Disembala ndi Januwale banja lonse liri kumunda kupalira, ndipo kuyambira mu Epulo manja onse afunika pokolola. Ana a m'makalasi a mayeso atangwanika kumapeto kwa caka. Mwambo wa Nc'wala ucitika ku Mtenguleni pa Ciweru cotsiriza ca Febuluwale, ndipo wa Kulamba ku Mkaika pa Ciweru cotsiriza ca Ogasiti. Mphunzitsi wanzeru acotseratu masiku otere pa ndandanda yace, ndipo m'nyengo yolima aika maphunziro madzulo kapena pa Sondo anthu atacoka kopemphera.

Zotsalazo zifuna pangano lomveka bwino pa tsiku loyamba, mwana asanagwire cingwe ca gitala. Panganolo lisiyanitse kulephera kwa mitundu itatu. Koyamba ndiko kwa maliro ndi matenda. Izi sizipangana ndi munthu, ndipo mphunzitsi amene alipiritsa banja lolira adzataya dzina lace m'mudzi wonse. Phunziro lotere libwezedwe banja likapuma. Kwaciwiri ndiko kwa kholo limene ladziwitsa dzulo lace kuti mwana sadzafika. Masiku ano lamya ya m'manja iri ponse-ponse, ndipo uthenga umodzi ukwanira kuti mphunzitsi apatse wina ola lija. Phunzirolo lisunthidwe kamodzi kokha, m'mwezi womwewo. Kwacitatu ndiko kungosowa popanda mau. Apa malipiro apite, pakuti mphunzitsi anacita mbali yace.

Lamulo limeneli ligwiranso mphunzitsi mwini. Iye akasiya ana cifukwa waitanidwa kukaliza pa ukwati wa ndalama zambiri, ali ndi ngongole kwa makolo, ndipo ayenera kubweza tsikulo kapena ndalama zao popanda kukumbutsidwa. Momwemonso ngati magetsi azima kiyibodi nikhala cete, monga zinacitika kwa maola ambiri pa tsiku m'caka ca 2024 madzi atacepa ku Kariba, mlandu suli wa mwana. Mphunzitsi akhale ndi cina cophunzitsa pa ola lotere: kuwerenga manotsi, kuomba m'manja motsata kugunda kwa nyimbo, kapena kuyimba ndi mau.

Zinthu ziwiri zithandiza kuti pangano lisafere m'malere. Coyamba ndi kabuku kolembamo dzina la mwana, tsiku limene wafika, limene walumpha ndi ndalama zimene zalipidwa, kholo ndi kusainamo pakutha pa mwezi. Anthu akangana pa zimene akumbukira, koma zolembedwa zithetsa nkhani msanga. Caciwiri ndi kupatula tsiku limodzi, monga Ciweru cotsiriza ca mwezi masana, kukhala la maphunziro obweza okha-okha. Popanda tsiku lotere maphunziro osunthidwa aunjikana, mphunzitsi nayamba kugwira nchito usiku ndi kuphwanya nthawi ya ana ena amene sanalakwe kanthu. Akulu anati zengerezu analinda kwaukwau. Aphunzitsi ena apempha malipiro a mwezi wonse poyamba, ndipo kumene ndalama zisowa, cimanga kapena nshawa zingapimidwe pa nthawi yokolola molingana ndi masiku a m'kabuku.

Makolo adziwe kuti wotaya kwambiri pa tsiku lolumphidwa ndiye mwana. Zala zimene zakhala masabata atatu osagwira zingwe zifewanso ndi kuiwala malo ace, ndipo phunziro lotsatira lithera pa kubwereza zakale. Ndiponso mphunzitsi amene ola lace silipatsidwa ulemu amanga katundu napita ku Lusaka, ndipo mudzi utsala wopanda munthu wokonzekeretsa ana amene adzatsogolera kwaya ya mpingo m'zaka zirinkudza.