Inu mukulira penti, ife tikulira tomato

Lero ndilankhula ndi inu achibale a m'tauni amene munagulira anyamata kuno kumudzi njinga zamoto kuti azichita kabaza. Inu a ku Area 25, a ku Kawale, a ku Chinsapo, ndi inu muli ku Joni amene mumalamulira njinga pa WhatsApp, werengani mpaka kumapeto. Amene akwiye akwiye, pa maliro tidzapatsanabe moni.

Mwagula Lifo kapena King Lion, mwampatsa mwana wa achemwali anu kuti azikutumizirani ndalama pa sabata. Mwachita bwino, pamenepo sinditsutsa. Vuto ndi lamulo lanu loyamba lija, lakuti njingayo isakalike ndipo wina asayerekeze kuikapo chitsulo chilichonse, ikhale mmene inatulukira mu shopu. Mukabwera pa Khirisimasi simufunsa za mabuleki kapena matayala. Mumazungulira njinga ngati munthu wogula ng'ombe, kusakasaka pamene penti yasupuka. Ndiye mnyamata poopa amalume ake amakulunga thanki ndi kapeti, mapulasitiki a ku fakitale sachotsa mpaka chaka chithe, koma m'mbali momwe mumakhala katundu wathu mulibe chotchinga chilichonse. Dengu la tomato limangolendewera pa malegeni.

Kodi ndalama imene mumalandira Loweruka lililonse mumayesa imachokera kwa ndani? Okwera chimanjamanja alipo ndithu, koma imani pa Msundwe, pa Namitete, pa Nsaru kapena pa Kabudula tsiku la msika muone zimene njingazi zimasenza. Tomato, anyezi, kabichi, mathileyi a mazira, zigubu za mkaka, matumba a mtedza ndi soya, ikafika Novembala feteleza. Minibasi imayenda pa phula, msewu wa ku Mchinji ndi uja wodzera ku Kasiya kukatulukira pa Santhe. Mukangopatuka ndi fumbi lokhalokha, ndipo ngolo imatha theka la tsiku pa ulendo umene njinga imayenda mphindi 40. Njinga yanuyo ndi lole ya mlimi, amalume. Munagula lole, koma mukufuna izioneka ngati ya ukwati.

Ndikuuzeni mmene njinga yosenza imagwera, poti ambiri a inu mumaganiza kuti kugwa ndi kuthamanga kokha. Othamanga alipo, koma katundu wambiri amawonongeka njinga ikuyenda ngati kamwana kokwawa, kapena itangoima. Mwezi wa Okutobala tayala lakutsogolo limalowa mumchenga n'kupotoka lokha. Mu Januwale dothi la katondo limaterera ngati therere, mwendo ukati uponde pansi nawonso ukuterera. Pena njinga imagwa pakhomo pomwe, anthu akumangirira katundu. Sitandi ili kumanzere, ndi kachitsulo kowonda, pansi pakafewa imangomira pang'onopang'ono, ndipo mukamatembenuka njinga yagona kale.

Chimene chimagwetsa kwambiri ndi kusanjika katundu m'mwamba. Popeza m'mbali mulibe poika, zonse zimapita pa kaliyala yakumbuyo, dengu pamwamba pa dengu, mpaka kupitirira mutu wa woyendetsa. Katundu akakwera m'mwamba chonchi, njinga ikangopendekeka pang'ono kulemera konse kumakokera komweko, ndipo mwendo umodzi wa mnyamata sungabweze. Chinanso, katundu akakhala kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka, silimagwira pansi bwino, ndiye pa mtunda kapena pa bampu mahandulo amangogwedezeka. Funsani mayi aliyense wotunga madzi. Zigubu ziwiri za malita 20 pa njinga yakapalasa amazimanga uku ndi uku, m'munsi, osati kuzisanjika pamwamba. Nzeru imeneyi amayi anaidziwa kalekale njinga zamoto zisanabwere, koma ife tikuikana chifukwa cha penti.

Ndipo amene amamanga m'mbali popanda chitsulo amakumana ndi zina. Kumanja kuli ekizozi, imasungunula thumba la saka ndi kreti ya pulasitiki, tomato amafika pa msika mbali imodzi ataphikika. Kumanzere kuli tcheni, chingwe kapena nsonga ya thumba ikangolowamo tayala limaima pompo. Malegeni nawo amatamuka. Mumanyamuka katundu ali wolunjika, mukamafika pa dambo loyamba wapendekera mbali imodzi.

Mayi wina amene dimba lake layandikana ndi langa, wamasiye, anatumiza madengu atatu a tomato chaka chathachi. Miyezi itatu yothirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo, feteleza wa ngongole, mankhwala a tuta amene aliyense wolima tomato masiku ano akudziwa mtengo wake. Njinga inagona pamchenga asanafike n'komwe pa phula. Anthu amene anaona akuti mnyamatayo atadzuka sanayang'ane madengu. Anathamangira kukapukuta thanki ndi malaya, kenaka n'kujambula kuti atumizire mwini njinga m'tauni, kuwatsimikizira kuti sinakalike kwambiri. Mnyamatayo sindimuda, ndi mwana wabwino, amaopa kulandidwa njinga. Koma taganizani, mayi akutola tomato wophwanyika mumchenga, uku wina akujambula penti. Pamapeto pake anauzidwa kuti ndi ngozi, palibe wolakwa, ndipo ya ulendo anaitanitsabe theka.

Chimene ndikupempha si chachilendo ayi. Owotcherera zitsulo ali pa ma trading center athu onsewa, amene amatipangira mawindo ndi kukonza ngolo. Apange kaliyala ya m'mbali, mbali zonse ziwiri zofanana, yokhala m'munsi cha pamene wokwera kumbuyo amapondapo, yoti kreti kapena dengu lizikhala pa chitsulo m'malo molendewera. Kumanja isiye mpata ndi ekizozi, pakati pake aikepo kathabwa kapena kalata. Kumanzere itchinge tcheni. Chitsulo chakunja chituluke pang'ono kupitirira kreti, kuti njinga ikagona chiyambe kugunda pansi ndi chitsulocho. M'makona akulungemo zidutswa za tayala lakutha, kuti zizilandira nkhonya. Kutsogolo kukhale chitsulo chija chotchinga injini ndi miyendo, chimene njinga zina zimabwera nacho koma anyamata amachotsa ati chimanyansitsa. Ndipo mnyamata aziyenda ndi kathabwa kakang'ono koika pansi pa sitandi akaima pofewa. Kathabwa kokha, abale, kotola pa kalipentala.

Pali chimodzi chimene mumanena chomveka, ndipo ndikuvomerezani. Wowotcherera wosadziwa akhoza kuwotcherera pa felemu ya njinga yeniyeniyo n'kuifooketsa, kapena kuotcha mawaya. Zoona. Ndiye muuzeni kuti asawotcherere pa njinga. Apangire padera, amange ndi mabawuti pamene pali kale mabowo a kaliyala ndi a popondera. Tsiku limene mukufuna kupita nayo ku ukwati, sipanala imodzi mwamasula, njinga yabwerera mwakale. Vuto lili pati pamenepa?

Ena mumati njinga yokalika imatsika mtengo pogulitsa. Ndani anagulapo njinga ya kabaza ya zaka ziwiri chifukwa cha penti? Wogula amailiza, amamvetsera injini, amayang'ana utsi, amaponda mashoko, amafunsa mapepala. Njinga imene yayenda misewu ya ku Nambuma madzinja awiri n'kukhala yosakalika ndiye kuti sinagwire ntchito. Walira mvula walira matope. Komanso muwerengere bwino. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pitani mu shopu ya masipeya mukafunse mtengo wa galasi, indiketa, chogwirira cha kilatchi ndi thanki. Zimenezi ndi zimene zimathyoka njinga ikagona popanda chotchinga. Chitsulo chimene mukuchikanacho chikuteteza njinga yanu yomweyo, ndi penti yanu yomweyo. Mukungokana chifukwa sichioneka bwino pa chithunzi.

Anyamata a kabaza, musaombe m'manja, nanunso ndili nanu. Ndalama ya magetsi ophethira a buluu mumaipeza. Ya sipika yolira kuti mudzi wonse udziwe mwadutsa mumaipeza. Masitika a Bullets, a Noma, a Silver, a Manchester United ali mbwee mpaka pa madigadi. Koma ya chingwe cholimba mulibe, mumangirabe ndi malegeni a chubu chimene chinaphulika chaka chatha. Ena mwa inu njinga ndi yanuyanu, mulibe amalume okuletsani, ndiye chowiringula chanu n'chiyani? Ndipo mukamapakira musamasiye njinga pa sitandi yokha. Wina aigwire, muike mu giya, muyambe mbali iyi kenaka inayo, zolemera pansi, zosweka pamwamba. Mpweya wa tayala lakumbuyo muziuyesa musananyamule, osati kungoliponda ndi chidendene.

Alimi anzanga, bwerani pafupi nanunso. Alipo pakati pathu amene amakakamiza mnyamata kunyamula matumba anayi a feteleza ulendo umodzi kuti asalipire kawiri. Matumba anayi a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 200, musanawerengere woyendetsa, pa njinga imene payokha siifika n'komwe makilogalamu 150. Kenaka mwini katundu naye akuti ndikhala pamwamba. Palibe kaliyala, ngakhale atapanga katswiri wotani, imene ingapirire zimenezo. Njinga yotere ikagona imagonera mwendo wa munthu. Kafunseni ku St Gabriel's pa Namitete kapena ku chipatala cha Kabudula ngati sadziwa mabala a ekizozi, ndipo amene fupa lathyokeratu amakathera ku Kamuzu Central. Munthu wothyoka mwendo mu Disembala ndi munda wosapalira, ndi banja logula chimanga chaka chonse. Ulendo wachiwiri uja ukanatchipa.

Tsopano funso limene aliyense amalizemba. Njinga ikagona, katundu n'kuwonongeka, alipira ndani? Pakali pano yankho ndi lakuti mlimi. Mwini njinga ali m'tauni ndalama yake ya sabata sichepa. Mnyamata amadulidwa ya penti. Mlimi amabwerera ndi dengu lopanda kanthu, ndipo akapita kwa amfumu amauzidwa kuti mukhululukirane, ndinu pachibale. Chibale chake chimenechi chimagwira ntchito mbali imodzi yokha bwanji? Penti ikasupuka chibale palibe, mnyamata amalipira. Tomato akaphwanyika ndiye chibale chabwera.

Pa siteji iliyonse ya kabaza pali wapampando ndi komiti yake, amatolera ndalama, amadziwa kulanga amene walanda kasitomala wa mnzake. Ngati zimenezo amazitha, angathenso kugwirizana kuti njinga yopanda zitsulo za m'mbali isamanyamule tomato, mazira kapena mkaka, ndipo ikanyamula n'kugwetsa, mwini njinga ndi woyendetsa agawane theka la zowonongekazo. Mlimi amene wakakamiza katundu wopyola muyeso, zake zimenezo, asadzalire. Amfumu ndi anyakwawa, iyi si nkhani yodikira boma kapena a Road Traffic, iwo amaima pa phula kufunsa laisensi ndi helemeti, kumadambo kwathu safikako. Ndi yathu yomwe, yokamba pa bwalo.

Ife a kalabu ya dimba lathu tagwirizana kale. Tomato wa chaka chino akayamba kupsa, tiziitana anyamata awiri okha amene anaika makaliyala a m'mbali, ngakhale mmodzi amachokera kutali ndipo timamuwonjezera ya mafuta. Enanu muzinyamula anthu opita ku tchalitchi. Ndipo inu amalume a ku Area 25, mwana wa achemwali anu akakuimbirani kuti sabata ino ndalama yaperewera, musamukalipire. Muuzeni apite kwa wowotcherera Lolemba, ndalama ya zitsulo mudule pa ya sabata.