ZA M'NYUMBA: THABWA LIMAMWABE MADZI

Mwezi uno tifuna kucheza ndi inu amene munayala matabwa a mlombwa kapena a mbawa pansi m'nyumba zanu.

Mtengo ungakhale unadulidwa kale, sunaleke kumwa. Pa dzinja thabwa limakoka chinyontho nilifufuma. Pa chirimwe limauma nilibwerera. Kufufumako kumachitika m'lifupi mwache, m'litali pang'ono pokha. Chifukwa chache mmisiri wanzeru amasiya kampata ka sentimita 1 pakati pa matabwa ndi chipupa. Musamnene kuti wakuberani thabwa. Adziwa kuti popanda kampatako matabwa adzakankhana mvula ikakula, nadzatukuka pakati pa chipinda.

Koma mau athu akuru ali kwa inu amai. Tidaona nyumba ina imene matabwa ache adaonongeka, si chifukwa cha ulesi ai, koma cha khama. Mai wa m'nyumbamo ankathira chidebe cha madzi m'mawa uli wonse, nakolopa monga achitira pa simenti. Madziwo adalowa m'mipata nakhala kunsi, kumene kulibe dzuwa kapena mphepo. Pamwamba padauma, kunsi kuli chinyowere, ndipo thabwa liri lonse lidadzutsa m'mphepete mwache nilikhala ngati kabwato. Pambuyo pache kudadza chuku ndi kuvunda. Tidamva chisoni, pakuti mlombwa umakula mochedwa, ndipo masiku ano sapezeka wamba.

Tsono sesani tsiku ndi tsiku, popeza mchenga umakanda thabwa. Pokolopa finyani nsaru kufikira italeka kudontha, ndipo madzi akatayika pukutani pomwepo. Mtsuko musaukhazike pa thabwa, chifukwa umachita thukuta usana ndi usiku. Nthawi zina pakani phula la njuchi mopyapyala, nimupukute ndi nsaru youma.

Inunso abambo, musatseke ziboo za mphepo ziri m'munsi mwa chipupa pofuna kuletsa makoswe. Ikanipo sefa wa waya. Lambulani ngalande kuti madzi a pa denga asaime pa maziko, pakuti chiswe chimatsata chinyontho.

Ngati matabwa apindika kale, musafulumire kuwapala. Yambani mwachotsa chimene chikuwanyowetsa, nimudikire miyezi ingapo, popeza ambiri amaongoka okha akauma. Mukawapala ali onyowa, pouma m'mphepete mudzatsika, ndipo pakati padzatsala chitunda.