Mwana wongokhala chete m'kalasi nayenso ndi nkhani ya pamsonkhano

Bungwe la sukulu, lija limatchedwa Conselho de Escola, likakhala pansi ku Tsangano kapena ku Macanga, nkhani zake zimadziwika msonkhano usanayambe. Njerwa ziumbidwa liti, malata amene anasasuka ndi mphepo akhoma ndani, chimbudzi cha atsikana chagwa, nyumba ya aphunzitsi ikudontha. Zonsezi n'zofunika ndithu, ndipo makolo amene amasiya khasu n'kudzaponda dothi la njerwa ayenera kuthokozedwa. Koma ilipo nkhani ina imene siilembedwa m'buku la msonkhano. Ndi ya mwana uja amene chaka chatha ankayambirira kukweza mkono, koma lero amangokhala duu pakona, maso ali pazenera, ndipo akafunsidwa funso misozi imalengeza m'maso.

Mwana wotere sachedwa kupatsidwa maina. Ena amati ndi waulesi, ena amati ndi mbuli, ena amati wayamba mwano, pomwe ena amanong'onezana kuti walodzedwa. Mankhwala ake amakhala chikoti, kugwada padzuwa kapena kuzula chitsa. Palmatória ya nthawi ya atsamunda inapita, koma mtima wake sunachoke m'makalasi ena. Zikakanika, makolo amangoti sukulu yamukana, akathandize kukwezera mbatatesi kapena kusoka fodya. Kawirikawiri sipapezeka munthu womuitanira pambali n'kumufunsa chimene chikumudya mumtima.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati theka la mavuto a maganizo limayamba munthu asanapitirire zaka 14, ndipo mmodzi mwa ana 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto lotere. Kuno kumidzi, kumene ana ambiri amayamba sukulu mochedwa n'kumabwereza makalasi, zaka zimenezo zimawapeza adakali ku pulaimale. Tsono apa pamveke bwino: kuvutika maganizo si misala ayi. Ndi mantha osatha, chisoni chosachoka, kusowa tulo, kudzidzimuka usiku, kukodza pamphasa mwana atasiya kale, kukwiya popanda chifukwa, ngakhalenso mutu ndi m'mimba zowawa tsiku lililonse pomwe kuchipatala sakupeza malungo.

Maboma awiriwa sangadabwe ndi zotere, pakuti makolo ndi agogo ambiri a lero anakula akuthawa. Pa nkhondo ya zaka 16 anthu oposa miliyoni imodzi anawolokera ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakakhala m'midzi ya ku Ntcheu ndi ku Dedza pakati pa abale awo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anabwerera n'kupeza nyumba zili mabwinja, sukulu zilibe madenga. Akuluakulu anachita zimene ankazidziwa: analira maliro amene sanaliridwe, anafulula mowa wokumbukira akufa, mipingo inachita mapemphero. Zimenezo zinathandiza. Koma ana anangouzidwa kuti zapita, aiwale. Mu 1996 mayi Graça Machel anapereka ku United Nations lipoti losonyeza mmene nkhondo imavulazira ana, pathupi ndi mumtima momwe. Ana a nthawi imeneyo ndiwo abambo ndi amayi amene lero akukhala m'mabungwe a sukulu. Ena mwa iwo mpaka pano salota bwino, ena amathawira ku kachasu, ndipo mkwiyo wawo umathera pa ana.

Sizinathere pomwepo. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'madera ena a Moatize ndi Tsangano, ndipo anthu oposa 10,000 anakaunjikana ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako ena n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno. Ana amene anawoloka ali kumsana nthawi imeneyo ndi amene zaka zino afika m'makalasi omaliza a pulaimale. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga zambiri m'chigawo cha Tete. Pamwamba pa izi pali za masiku onse: bambo amene anapita ku Joni osatumiza uthenga, mayi amene anamwalira ana n'kugawidwa kwa achibale, ndewu za usiku m'nyumba, ndi njala ya mu Febuluwale imene imafika pamodzi ndi kutsegulira kwa sukulu. Mwana amalowa nazo zonsezi m'kalasi, sazisiya pakhomo ngati nkhuni.

Nanga akafuna kuzinena, azinena m'chinenero chanji? Apa ndi pamene sukulu za kuno zimapunthwa kwambiri. Mwana wa zaka 6 wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo amaseka, kulira ndi kulota m'Chinyanja. Akafika m'kalasi momwe zonse zikuyenda m'Chipwitikizi, iye amasanduka wosalankhula. Angaloweze "bom dia, senhor professor", koma sangafotokoze m'Chipwitikizi kuti malume ake amamugwira mosayenera, kapena kuti akuopa kubwerera kunyumba madzulo. Ndipo amene amasekedwa pagulu chifukwa cholakwitsa mawu amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kutseka pakamwa. Chigawo cha Tete chili ndi mbiri pa nkhaniyi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri kudzera mu ntchito yotchedwa PEBIMO, Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro otere anafalitsidwa m'zigawo zonse. Amene anayendera makalasi amenewo anaona ana olankhula momasuka ndi ofunsa mafunso. Si sukulu iliyonse imene ili ndi makalasi otere, komabe palibe lamulo loletsa mphunzitsi kukhala pansi pa mtengo ndi mwana pa nthawi yopuma n'kumufunsa m'chinenero cha kwawo kuti zikuyenda bwanji kunyumba.

Aphunzitsi asaimbidwe mlandu okha. Ambiri ali ndi ana odzaza kalasi, amaphunzitsa m'mawa ndi masana, ndipo madandaulo a ndalama za maola owonjezera akhala akumveka m'dziko lonse. Ena anatumizidwa kuchokera kutali, Chinyanja amangotola apa ndi apo, banja analisiya kwina, ndipo kuzizira kwa mu Juni kwa ku Tsangano kumawapeza ali okhaokha. Mphunzitsi wotopa mtima ndiye amafulumira kutola chikoti. Aphunzitsi a m'ZIP imodzi akakumana, pakhale mpata woti akambirane za iwo eni ndi za ana amene akuwadetsa nkhawa, osati za mayeso zokha.

Kwa atsikana malamulo anasintha, ngakhale midzi ina ikuchita ngati sinamve. Lamulo la mu 2003 lija lotumiza mtsikana woyembekezera ku sukulu ya usiku linachotsedwa mu Disembala 2018, ndipo lamulo nambala 19/2019 limaletsa kukwatira kapena kukwatiwa munthu asanakwane zaka 18. Mtsikana amene wayamba kujomba ndi kudzipatula kwa anzake mwina akukakamizidwa banja. Amene wabwerera atabereka safunika kutonzedwa.

Tsono chingachitike n'chiyani chosadikira ndalama zochokera ku Maputo? Bungwe la sukulu lili kale ndi makolo, aphunzitsi, atsogoleri a m'mudzi ndi ophunzira. Lisankhe akuluakulu awiri, wamkazi ndi wamwamuna, odziwika kuti ndi osunga chinsinsi, osamwa mwauchidakwa, amene ana sawathawa. Akhoza kukhala anamkungwi, akulu a mpingo kapena agogo wamba. Azipezeka pasukulu tsiku lodziwika pa mlungu, pamalo poonekera koma posamveka, ndipo ana adziwe kuti angathe kukawaona popanda kulangidwa. Zotere zinayesedwapo kwina. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, atakhala pa benchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti ambiri anapeza bwino. Kunena zoona, ntchito imeneyo inali ya anthu akuluakulu, ndipo agogowo anayamba aphunzitsidwa. Choncho nawonso osankhidwa kuno ayenera kuphunzitsidwa ndi a zaumoyo, chifukwa kumvetsera n'kosiyana ndi kulangiza. Mlangizi wa pamwambo amalankhula mwana ali chete. Apa mwana ndiye alankhule.

Osankhidwawo adziwenso polekezera. Nkhani ya kugwiriridwa kapena kumenyedwa koopsa siithera pabwalo ndi mbuzi kapena nkhuku. Imapita kuchipatala ndi ku ofesi ya apolisi yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Ilipo nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança, imene mwana kapena wamkulu angaimbe, ndipo kwa amene mafoni awo amagwira netiweki ya kutsidya, nambala yothandiza ana ku Malawi ndi 116 yomweyo. Ilembedwe pakhoma la sukulu iliyonse, ngakhale ndi makala. Mwana akanena kuti kuli bwino angofa, asasekedwe kapena kukalipiridwa: asasiyidwe yekha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mankhwala opopera mbatatesi ndi fodya, amene m'nyumba zambiri za kuno amangokhala pansi pa bedi, atsekeredwe.

Kuchipatala nako thandizo lilipo kuposa mmene ambiri amaganizira. Madokotala a maganizo ndi ochepa m'Moçambique, n'chifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma lakhala likuphunzitsa ma técnico de psiquiatria kuti azigwira ntchito m'maboma. Iwowa amaonanso odwala khunyu. Matendawa achotsa ana ambiri pasukulu popanda chifukwa. Khunyu silipatsirana, ngakhale munthu atakhudza thovu, ndipo pali mapiritsi amene amaletsa kugwa. Mwana amene wagwa m'kalasi agonekedwe cham'mbali, atalikitsidwe ndi moto, asaikidwe kanthu m'kamwa, ndipo mawa lake apeze malo ake pa benchi alipo. Banja likafuna kupita kwa sing'anga kapena kukapempheretsa, limenelo ndi ufulu wake, koma mapiritsi asasiyidwe.

Ma ofesi a maphunziro ndi a zaumoyo a ku Tsangano ndi ku Furancungo ali ndi mbali yawo imene sangaithawe. Mkulu wa sukulu aliyense ayenera kuuzidwa kuti técnico wapafupi amapezeka kuti ndiponso tsiku liti, ndipo a zaumoyo akamayendera sukulu pa nkhani za katemera kapena mankhwala a njoka za m'mimba, apatule ola limodzi lokhala ndi aphunzitsi ndi akuluakulu osankhidwa aja. Galimoto ndi yomweyo, mafuta ndi omwewo.

Ku bungwe la sukulu, poyambira pake ndi buku loitanira maina. Pa msonkhano ukubwerawu, nkhani ya njerwa isanayambe, mkulu wa sukulu awerenge chiwerengero cha ana amene ajomba mlungu wathunthu. Maina asatchulidwe pagulu. Akuluakulu awiri aja atenge mainawo mwamseri, agawane makomo, ndipo akafike masana, pa nthawi imene mwanayo ali pakhomo, kuti akamve za iye kuchokera pakamwa pake.