Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale mzukwa

Sabata yatha ndinakangana ndi malume anga. Anapeza ana a kwathu atazungulira foni, akuonera filimu ya mitembo yodzuka n'kumadya anthu dziko likutha. Malume anakalipa kuti mafilimu otere ndi a Satana ndipo boma liwaletse onse. Ine kukamwa kunangoti yasa, pakuti wolankhulayo ndi munthu amene anathawira ku Lusaka nthawi ya chipani chimodzi atapezeka ndi buku loletsedwa, ndipo anabwerera kuno mu 1994. Ndinati, "Malume, inunso lero mukuitana lumo la Censorship Board?" Iwo anati buku ndi lina, zonyansa ndi zina.

Pa za ana malume sakulakwa. Mwana wa sitandade 3 asaonere munthu akung'ambidwa matumbo, ndipo eni nyumba za vidiyo amene amalowetsa ana pofuna ndalama ndi osowa umunthu. Ndikuvomeranso kuti ambiri mwa mafilimuwa ndi zinyalala, magazi okhaokha opanda mutu. Koma zoti onse aletsedwe ndikukana, chifukwa abwino mwa iwo amanena zimene akuluakulu a nthawi yawo sankafuna kuti zimveke.

Tiyambire ku Japan. Mu March 1954 dziko la America linayesa bomba la haidirojeni pa zilumba za Bikini, ndipo phulusa lake la poizoni linagwera asodzi a ku Japan amene anali m'boti lotchedwa Lucky Dragon. Mmodzi mwa iwo anamwalira. Chaka chomwecho Ishiro Honda anatulutsa Godzilla, filimu ya chilombo chodzutsidwa pansi pa nyanja ndi mabomba, chimene chikupondaponda mzinda wa Tokyo. Panali patangopita zaka 9 chigwereni mabomba pa Hiroshima ndi Nagasaki. Kodi oonera ankaopa buluzi wamkulu? Ayi ndithu. Ankaona moto umene anauona kale ndi maso awo.

Ku Britain nkhani yake ndi imene malume ayenera kuimvetsa bwino. Mu 1965 Peter Watkins anakonzera BBC filimu yotchedwa The War Game, yoonetsa zimene zingachitike ku Kent bomba la nyukiliya litagwa: anthu kupsa, chakudya kutha, apolisi kuombera anjala. Akuluakulu a BBC anaionetsa kaye kwa akuluakulu a boma, kenaka anati ndi yoopsa kwambiri moti siingaulutsidwe. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar mu 1967, koma anthu a ku Britain anadikira mpaka 1985 kuti aione pa wailesi yakanema ya dziko lawo. Taonani mawu amene anagwiritsidwa ntchito: ndi yoopsa, anthu sangapirire. Awa ndi mawu a woletsa aliyense. Sanena kuti akubisa choonadi, amati akukutetezani.

Pamene anthu analoledwa kuona, zinthu zinayenda mwina. Mu November 1983 wailesi yakanema ya ABC ku America inaonetsa The Day After, za mabomba ogwera ku Kansas, ndipo anthu pafupifupi 100 miliyoni anaonera usiku umodzi. Pulezidenti Ronald Reagan analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti filimuyi inamusiya ali wokhumudwa kwambiri. Mu 1987 iye ndi Mikhail Gorbachev anasaina pangano lochotsa gulu lina la zida za nyukiliya. Sindikunena kuti filimu ndiyo inagwira cholembera, koma si chinthu chaching'ono kuti munthu wokhala ndi mphamvu yoyatsa dziko lonse aone kaye maliro ake.

Nanga mitembo yodzukayo, imene yawanyansa malume? Siili ngati ndondocha zathu, zimene amati zimagwirira ntchito mwini wake. Iyi ilibe mwini, ilibe nzeru, imangoluma. N'chifukwa chake nkhani yeniyeni imakhala pa amoyo. Mu Night of the Living Dead ya George Romero, ya mu 1968, anthu obisala m'nyumba imodzi akulimbirana ulamuliro mitembo ili pakhomo. Wopulumuka usikuwo ndi mmodzi yekha, Ben, munthu wakuda. Kutacha kukubwera azungu amfuti osaka mitembo, ndipo akumuombera pamutu osafunsa n'komwe. Filimuyi inatuluka miyezi yochepa Martin Luther King ataphedwa. Mu 28 Days Later ya Danny Boyle, ya mu 2002, othawa matenda ku London akuthamangira kwa asilikali olonjeza chipulumutso pa wailesi, n'kupeza kuti asilikaliwo akufuna akazi awo.

Imene imandisowetsa tulo ine ndi Train to Busan ya ku South Korea, ya mu 2016. Matenda akufalikira m'sitima yapamtunda, boma likulengeza kuti anthu asade nkhawa, ndipo bwana wina wa kampani akunyengerera anzake kutsekera kunja anthu amoyo, mwana ndi mayi woyembekezera ali pomwepo. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake sitima yapamadzi ya Sewol inamira ndi kupha anthu 304, ambiri a iwo ana a sukulu amene anauzidwa kuti akhale pomwe ali, woyendetsa sitimayo atathawa. Anthu a ku Korea sanafunikire wowamasulira.

Abale anga, nkhani ndi yomweyi kuyambira ku Tokyo mpaka ku Busan. Chilombo chimangogogoda. Amene amamaliza anthu ndi mkulu wonena kuti zonse zili bwino, ndi mnansi wotseka chitseko. Ndipo filimu iliyonse yotere imamufunsa woonera funso limene sitikonda kufunsidwa: tsiku limenelo, iwe udzakhala mbali iti ya chitseko, nanga dzanja lako lidzachita chiyani?

Choncho yankho langa kwa malume ndi ili. Ana tiwateteze ife eni, makolo ndi eni nyumba za vidiyo, potsata zaka zolembedwa pa filimu. Koma munthu wamkulu asasankhiridwe ndi wina chimene maso ake angapirire, pakuti lumo likangotuluka m'thumba silifunsa ngati likudula zonyansa kapena buku lija.

Malume sanagonje, ndipo sindinayembekeze kuti agonja. Angoti Loweruka ndibwere nayo ya sitimayo, ana akagona, aione okha asanaweruze. Ine zimenezo zandikwanira.