Chibaba si ludzu, abale

Chingerezi chili ndi mawu amodzi, thirst, amene amasenza katundu wambiri. Wouma kukhosi ndi thirsty. Wofunitsitsa mpando kapena kubwezera naye ndi thirsty. Achinyamata a pa Facebook awonjezerapo: mnyamata wongothirira ndemanga pa chithunzi cha mtsikana aliyense akuti ndi thirsty. A Sprite akhala akugulitsira mawu omwewa kuyambira 1994, kuuza anthu kuti azimvera ludzu lawo.

Ife chinenero chathu si chosauka chonchi. Kukhosi kukauma, ndi ludzu. Ukatha mwezi ukudyera nandolo ndi chisoso, mtima n'kumangolota kanyenya wa mbuzi, imeneyo ndi nkhuli. Manja akamanjenjemera m'mawa poti sunalawe kachasu, chimenecho ndi chibaba. Agogo anga zitatuzi sankazisokoneza.

Nanga bambo wolowa m'shabini kwathu kuno pa Mauwa dzuwa lisanafike pamutu, amvekere "ndikaphe ludzu", ludzu lake liti? Ludzu ine ndimaliona mu Okutobala pa mjigo: zigubu zachikasu za malita 20 zili ndandanda, mayi ali ndi mwana kumsana akupopa, chitsulo chili gwedegwede, madzi akutuluka monyinyirika. Mayiyo akamwa kapu imodzi ludzu latha. La bambo lija silitha. Lero lidya ndalama ya nandolo, mawa ya feteleza, mkuja fizi ya mwana.

Ena ati ndi nthabwala chabe za kumowa. Kaya. Koma waludzu sitimudzudzula, timamutungira. N'chifukwa chake timangoseka munthu akuphwa tikumuona. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, mowa womwewo n'kusamukira m'timabotolo tapulasitiki. Mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Mapepalawo angamufikire bwanji munthu amene akwawo akumuyesabe waludzu?

Chibaba ndi matenda, ndipo chili ndi kopita nacho: chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. N'kutali, inde, thiransipoti yake si yamasewera. Koma poyambira ndi pomwe pano: alangizi a zaumoyo pachipatala cha Mauwa, mwini mbumba, ankhoswe. Ankhoswe inu, mkazi akakuitanani kachitatu pa nkhani yomweyi, lekani zoti "mwamuna amamwa, pirirani mayi". Muuzeni m'bale wanuyo kuti ali ndi chibaba, mumuperekeze kuchipatala.